Ndinalumikiza Magetsi a Apongozi Nditatsinzina

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Amene mwakhala kumbuyoko senderani kuno, mawu anga ndi osasa ndipo sindibwereza. Ine ndine Filipo Phiri. Kobadwira ndi ku Lisasadzi, koma ndili pa chikamwini kwa Lukwa, ndimalima fodya ngati inu nomwe. Pobwera kuno kwa Kapelula ndaona mapolo a magetsi aima kale m'mbali mwa msewu, ndipo ndisanatsike n'komwe pa njinga ndamva bambo wina pagolosale paja akuuza anzake kuti, "Za mawaya n'zosavuta, ofiira ku ofiira, akuda ku akuda, basi." Sindikulozani chala, bambo, mukudzidziwa nokha. Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa mawu amenewo ndinawayankhulapo ine, ndi pakamwa pomwepa.

Magetsi atafika kwathu, nyumba yanga inali m'gulu la zoyamba kuyaka. Chaka chimenecho fodya anandikomera, ndiye ndinaitana a Saidi, katswiri wa zamagetsi wa pamsika wathu, munthu wa mapepala ake. Anaika mapaipi m'khoma, analowetsa mawaya, anakhomera chitsulo m'nthaka kuseri kwa nyumba, a kampani ya magetsi anabwera kudzayendera n'kutipatsa mita. Nthawi yonseyo ine ndili pambuyo pa a Saidi, manja kumsana, kungoyang'ana. Ndikuti kuyang'ana kokha! Koma atachoka ndinadziuza kuti sukulu ndamaliza. Ndinakagula tesita yoyesera magetsi ndi pulayala, tesitayo n'kumaikoleka m'thumba la malaya ngati cholembera cha aphunzitsi, ngakhale popita kutchalitchi.

Kuseri kwa chigafa changa kunali nyumba ya apongozi anga, aNambewe, mayi wamasiye amene anandipatsa mwana wawo ndi munda womwe. Kukamada, kwanga kuli ngwee, kwawo kuli bii. Inu mudzi mumaudziwa. Amayi pamjigo anayamba: "Akamwini a masiku ano! Iwo akudya akuona minga ya nsomba, apongozi akufufuza mbale ndi koloboyi." Mawuwo anandipeza, ndipo anandibaya.

Mkazi wanga, amake Tadala, anati, "Bambo a Tadala, tiitanenso a Saidi, amayi awafunsire mita yawoyawo."

Ine kuseka. "A Saidi adzachite chiyani chimene ine sindinaone? Tingokoka kuchokera muno."

"Inu mumadziwa fodya. Za magetsi munaphunzira kuti?"

"Mayi inu, m'nyumba muno amuna alimo angati?"

Musaganize kuti nkhani inali youmira yokha, ayi. Ndinkafuna kuti apongozi akamayatsa babu azidziwa kuti kuwalako kwachokera m'manja mwa mkamwini wawo. Ndinkafuna amayi a pamjigo aja ameze mawu awo. Mkamwini amakhala ndi njala ya kutamandidwa, abambo muli pano musandikanire.

Ndinakagula waya wopyapyala, uja amalumikizira masipika a wailesi. Wogulitsayo anafunsa kuti ndi wa chiyani, ine ndinati, "Gulitsani, mafunso asiyireni apolisi." Ndinadzika mitengo ya bulugamu, kukoka waya kuchokera m'bokosi la kwanga mpaka pakhonde pa apongozi. Pabalaza ndinakoleka babu. Zonsezo ndinachita ndikuona ndi maso anga, ngakhale zinali zolakwika kale.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene uchitsiru wanga unavala jekete. Ine ndinaleredwa mwamwambo. Apongozi ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira kutchire. Poyankhula nawo ndinkanjuta chapatali, nkhope kumbali, ndipo mawu awo ankadzera mwa mkazi wanga. Kudya pamaso pawo, ayi. Nanga kuchipinda kwawo? Kusuzumirako kokha ndi mlandu. Koma babu ndi soketi ankazifuna kuchipinda komweko, pakuti ndi kumene amawerengera Baibulo ndi kusita zovala zawo.

Munthu wamutu akanati apa pandikanika, ndiitane wantchito, popeza mlendo wantchito amalowa paliponse akamulola. Ine ayi. Nyumbayo inalibe siling'i, khoma la pakati silinafike kumalata. Ndinagubuduza mgolo, kuuimika pabalaza, kukwerapo. Ndinasenda mawaya ndi mano, n'kuponya manja onse awiri kuseri kwa khoma, nkhope n'kutembenuzira kubalaza, maso n'kutsinzina kuti ndisaone ngakhale mwendo wa bedi. Ndinapota mawaya mofufuza. Tepi inandithera panjira, ndiye ndinadula mphira ya chubu cha njinga n'kukulunga nayo. Mkazi wanga ali m'katimo akuti, "Kumanja, kumanja pang'ono, msomali uli apo," ine n'kukoleka babu paphaso, soketi n'kuisiya ikulendewera.

Abale anga, taganizani. Munthu amene amasankha fodya tsamba ndi tsamba poyera, kulitembenuza uku ndi uku, kulinunkhiza, kuopa kuti ku okushoni angalibweze, ndi yemweyo analumikiza moto atatsinzina. Asa! Ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya mbama.

Chowawa n'choti zinayaka. Zikanakana tsiku lomwelo bwenzi nditapulumuka. Apongozi anatumiza tambala, amayi a pamjigo anasintha nyimbo, anyamata anayamba kunditcha injiniya, ine n'kumavomera.

Amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha, ndipo linanunkha nthawi yaitali. Apongozi anagula simbi yamagetsi yositira yunifolomu yawo ya amayi a kumpingo. Akangoilumikiza, kwanga buleka igwe. Buleka, kwa amene simunaione, ndi kaswichi ka m'bokosi kamene kamadzizimitsa kokha zinthu zikalakwika penapake. Igwe, ine ndikweze. Igwenso, ndikwezenso. Ndinapsa mtima, n'kumauza anthu kuti a Saidi anandiikira chinthu chofooka. Tsiku lina ndinatsegula bokosi, ndinachotsa waya wa kwa apongozi pansi pa buleka n'kumulumikiza pamwamba pake, kuti aziilambalala. Inasiya kugwa. Ine n'kumati ndachiritsa matenda, chonsecho ndapha galu amene ankauwa akuba kuti ndigone bwino.

Fungo apongozi analimva. Koma akanandiuza bwanji? Mphatso ya mkamwini sainyoza. Anaitana mwana wawo n'kumunong'oneza kuti, "Kuchipinda kukumveka ngati wina akuotcha mphira, ndipo soketi ikutentha, koma bambo musawauze mowakhumudwitsa." Mkazi wanga anadikira nditakhuta, ndiye anati, "Amayi akuti magetsi ndi abwino kwambiri, kungoti kukumveka kafungo pang'ono."

Ine ndinati, "Chatsopano chilichonse chimanunkha, ngakhale nsapato."

"Bwanji mukaoneko?"

"Ndikaone bwanji? Ndilowe kuchipinda kwa amayi anu? Mukufuna mudzi unditenge wamisala?"

"Ndiye itanani a Saidi."

"Kuti adzaone kuti ndinakoka magetsi mwamseri? Iyayi."

Mwaona mmene ndinadzitsekera? Ine sindingalowe, wodziwa sangaitanidwe, mwini chipinda sangadandaule. Tonse aulemu okhaokha, waya ali phee kusungunuka pamwamba pa khoma.

Inafika nyengo yosankha fodya, ndipo akuba anavuta chaka chimenecho. Apongozi anali ndi fodya wawo wa m'munda wa kudambo, wosankha kale, wongodikira kudinda. Anati m'chigafa sagonamo, alowe m'nyumba. Ine ndinathandiza kunyamula mpaka pakhonde, kulowetsa analowetsa ndi amayi anzawo. Kumene anakamuunjika sindinaone ndipo sindinafunse. Anamuunjika kuchipinda, motsamira khoma la pakati lija, mulu kufika m'mwamba, pansi penipeni pa mfundo yanga ya mphira.

Linali Loweruka masana. Apongozi ankasita yunifolomu ya mawa lake, mutu unawawawa, anaimika simbi n'kutsamira pabedi, tulo n'kuwaba. Ine ndili m'chigafa ndinangomva ana akukuwa, "Moto! Moto kwa agogo!" Potuluka, utsi uli tolotolo m'mphepete mwa malata. Inu fodya wouma mumamudziwa, amayaka ngati pepala, ndipo utsi wake wokha umagwetsa munthu. Ndinathamanga. Ndinafika woyamba ndine. Ndinadutsa pakhonde, ndinadutsa pabalaza, ndinafika pachitseko cha kuchipinda, ndikumva apongozi akutsokomola m'katimo.

Ndiye ndinaima.

Ee, ndinaima. Dzanja lili pachitseko, miyendo yakana. Ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Odi! Odi amayi!"

Sekani, ndikukuonani mukudzigwira pakamwa. Kwathu anaseka mpaka anatopa. Nyumba ikuyaka, munthu akufa, mkamwini ali chilili akuodira! Nthawi imene ndinaimayo sinali yaitali, koma inakwana. Amake Tadala anachokera kumjigo ali liwiro, anandikankhira kumbali ngati thumba la gaga, n'kulowa. Bulangeti la pabedi linali litagwira kale moto. Analikanganula ndi dzanja, n'kukoka mayi awo mpaka pabwalo. Mnansi wina anathamangira kwanga kukagwetsa buleka, koma magetsi a kwa apongozi sanazime, nanga si ndinali nditailambalala. Waya akuthetheka paphaso, anthu okhala ndi zidebe m'manja anaopa kuthira madzi. Mmene wayayo ankaduka yekha, denga linali litagwa.

Apongozi anatuluka ndi moyo. Dzanja lamanja la mkazi wanga linapsa kuyambira kuzala mpaka pachigongono.

Zotsatira ndizinena mwachangu, chifukwa zinayendanso mwachangu. Mkazi wanga anagonekedwa kuchipatala. A kampani ya magetsi anabwera, anaona, anadula magetsi a kwanga n'kunyamula mita. Amalume ake a mkazi wanga, a Gidiyoni, amene ndi mwinimbumba, anaitanitsa ankhoswe. Pamenepo, m'malo mogwada, ine ndinanama. Ndinati wayatsa nyumba ndi simbi imene apongozi anaiiwala. Zitakanika, ndinati pali anthu ansanje amene anatumiza moto. Ndinanena zimenezo mayi amene anangotsala pang'ono kufa ali pamphasa pomwepo, nkhope atazolika.

A Gidiyoni anati, "A Phiri, tinakupatsani mwana, tinakupatsani munda. Mwationongera mwana, mwatiotchera nyumba, ndiye mukutinamizanso? Ngati chilungamo chikukuvutani, njira ya ku Lisasadzi mukuidziwa."

Ine ndi mkwiyo wa munthu wolakwa ndinakwera njinga, tesita ili m'thumba, mkazi ali pabedi la kuchipatala. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinatererekadi. Ku Lisasadzi sindinafike, ndikanakawauza chiyani abale anga? Ndinathera pamsika, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu. Njinga ndinamwera. Foni ndinamwera. Jekete, pulayala, nsapato za kutchalitchi, zonse zinalowa m'botolo. Ndinkagona pa ziguduli m'shedi ya mavenda a fodya. Dzina langa linasintha, ndinakhala a Odi. Ndikamafika pamowa anzanga ankakuwa, "Lowani a injiniya, kuno kulibe apongozi!" Ine n'kumaseka nawo kuti andigawireko. Ndipo mukhulupirire, ndikaledzera ndinkatulutsabe tesita ija n'kumalongosolera anthu za magetsi.

Anzanga anafesa nazale, ine ndili pabenchi. Ndinamva kuti mkazi wanga watuluka m'chipatala, sindinapite. Ndinamva kuti ankhoswe agwirizana zoti ukwati uthe, akungodikira mwini wake apezeko mphamvu. Ndinamva bwinobwino, n'kuitanitsa botolo lina.

Tsiku lina la msika, dzuwa litakwera, phokoso la pamowa linangoti zii. Nditadzutsa mutu ndinaona apongozi ataima pakati pa bwalo, ambulera m'manja, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Mayi wa mpingo, amene chibadwire sanapondepo malo otero. Thupi langa linadziwa lokha chochita, ndinatsetsereka pabenchi kufuna kuthawira kuseri kwa bafa.

"Bambo a Tadala, khalani pomwepo."

Chikwatirire mwana wawo, aka kanali koyamba kuti mawu awo abwere kwa ine osadzera mwa munthu. Ndinakhala. Anabwera n'kukhala pabenchi pomwepo, pafupi moti chitenje chawo chinakhudza bondo langa. Ine nkhope kumbali, thukuta kamukamu.

"Tembenukani. Ndayenda mtunda wonsewu kudzayankhula ndi khutu lanu?"

Ndinatembenuka. Abale, nkhope ya apongozi anga ndinali ndisanaionepo bwinobwino. Ndinapeza kuti amafanana ndi mwana wanga Tadala, mphuno ndi pachipumi pomwe. Nsidze za mbali imodzi zinali zisanamerenso.

Anati, "Tsiku lija ndinakumvani. Ndili m'katimo, utsi uli m'maso, ndikumva mkamwini wanga waulemu akuodira. Ndinafuna kuyankha kuti lowani, koma mpweya unalibe."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anthu onse a pamowa ali tcheru, wina botolo laima panjira yopita kukamwa.

"Inenso mbali yanga ilipo," anapitiriza. "Fungo ndinalimva, ndinaopa kukuuzani. Inu kuopa ine, ine kuopa inu, wapsa ndi mwana wanga. Ulemu wanji umenewu? Ndatopa nawo ine."

Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa chinangwa chootcha. Anachinyema pakati. Analuma chawo ine ndikuona, anatafuna osafulumira, kenaka chinacho anandipatsa m'manja.

"Idyani ndikuona."

Inu akuluakulu mukudziwa tanthauzo lake, mpongozi ndi mkamwini akadyera pamodzi. Ndinaluma. Misozi ili chuchuchu, mamina omwe, bambo wa ana ndikulira pamaso pa zidakwa. Anandidikira mpaka ndinameza.

"Zothawana zatha," anatero. "Kuyambira lero mukaona cholakwika kwanga, lowani. Ine ndikaona cholakwika kwa inu, ndikuuzani pamaso. Ndiyambe pompano. Mukununkha, ndipo pabwalo paja munanama."

"Ndinanamadi, amayi. Koma ndibwerera bwanji?"

"Ndi miyendo, nanga njinga si munamwera? Za nyumba ndakukhululukirani, nyumba ndi dothi. Za fodya, adzameranso. Koma za dzanja wokhululuka si ine, mwini wake alipo. Ndipo musadzinamize kuti wandituma, sakufuna n'kumva dzina lanu lomwe. Ndabwera chifukwa adzukulu anga akundifunsa mafunso amene ndilibe mayankho ake. Chili m'thumbacho bweretsani kuno."

Ndinawapatsa tesita. Anaimanga pachitenje pamene panali chinangwa paja, anatsegula ambulera, n'kunyamuka. Ine pambuyo, wopanda nsapato, msika wonse ukuonerera.

Musaganize kuti ndinafikira m'nyumba. Choyamba chinali bwalo. Ndinanena zonse pamaso pa ankhoswe: waya wa masipika, mphira ya njinga, buleka imene ndinailambalala, mpaka za kutsinzina pamgolo. Pamenepo a Gidiyoni anagwira mutu ndi manja awiri. Anati, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, koma inu mwamuposa." Anagamula kuti za kutha kwa ukwati aziimika kaye, koma ine ndizigona m'chigafa mpaka mwini dzanja atanena yekha. Ndinayala mkeka pansi pa mikangala, apongozi akugona m'nyumba yanga ndi mwana wawo.

Mowa sunandisiye tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Ndinasiya kudzera njira ya kumsika, ndikafuna mchere ndinkatuma. Mkulu wa mpingo wa m'dera lathu ankabwera kudzakhala nane m'chigafamo, nthawi zina kungondithandiza kusoka ziguduli. Ndinagwanso kamodzi pamaliro ena, ndipo m'mawa mwake apongozi anaima pakhomo pa chigafa n'kundiuza mawu amene sindingawabwereze pano pali ana. Chichokereni tsiku limenelo sindinalawenso.

Ndinaumba njerwa, ndinaotcha, ndinamanga nyumba ya apongozi pamalo pomwe panali yakale. Ndinapita ku ofesi ya magetsi kukavomera kuti ndinakoka mwamseri, anandilipiritsa chindapusa, n'kundiuza kuti ndidikire, ndipo ndinadikira mpaka ndinaiwala kuti ndikudikira. Kenaka ndinapita kumene ndinkakuopa kwambiri, kwa a Saidi. Ndinawapeza pakhonde pa shopu yawo akukonza chigayo cha munthu. Ndinafotokoza ndili chozolika. Iwo sanandinyoze, anangopukusa mutu n'kunena kuti, "A Phiri, ndiye vuto lonse linali chipinda? Mukanangonena. Ine m'zipinda za apongozi a anthu ndimalowamo tsiku ndi tsiku."

Ndipo analowadi! Tsiku la ntchito anangoti, "Mayi, tilowe nawo," apongozi n'kuti, "Lowani bambo," mpando n'kuwapatsa, tiyi n'kuwapatsa. A Saidi akuimba likhweru m'chipinda chimene chinandiimitsa ine pachitseko nyumba ikuyaka! Ndinapsa mtima, koma ndikanapsera yani? Ine anandipatsa ntchito yondiyenera: kunyamula makwerero, kusema khoma modzera mapaipi, kukumba pokhomera chitsulo. Nditangotambasula dzanja kuti ndiwagwirire waya, apongozi ali pakhomo anatsokomola. Ndinabweza dzanjalo.

Ndiye anzanga a kwa Kapelula, magetsi akubwera, ndipo ndi abwino, sindikukana. Ana amawerenga, amayi amasita, foni simuyendanso nayo mtunda kukatchajitsa. Koma zimene mungachite nokha n'zochepa. Babu likapsa, zimitsani swichi, sinthani. Mukufuna kuchepetsa zolipira, pemphani kuti kusema khoma ndi kukumba mugwire ndinu, ambiri amalola. Koma paliponse pamene waya akukumana ndi waya mnzake, ndi m'bokosi muja, manja anu abwerere m'thumba. Ndipo si aliyense wokoleka tesita pamalaya amene ali katswiri, inenso ndinkakoleka. Mufunseni chiphaso chake, muchione ndi maso. Pitani kunyumba zimene anagwirako, mukafunse eni ake ngati amagona mtendere. Akakuuzani kuti, "Za mapepala zisiyeni, tingokoka kwa aneba," muperekezeni mpaka kumsewu.

Buleka ikamagwagwa musalimbane nayo, ikukuuzani kuti penapake pali moto. Mukamva fungo la mphira kapena soketi ikatentha, zimitsani zonse, itanani wodziwa tsiku lomwelo, osati mukadinda fodya. Nyumba ya apongozi ikhale ndi mita yakeyake. Ndipo inu amayi amene muli ndi akamwini, chonde, chinthu chikamanunkha nenani kuti chikununkha! Mwambo sindikuunyoza, unandilera, ndipo mpaka lero apongozi ndimawapatsa moni nditanjuta. Koma ntchito imene simungaiyang'ane ndi maso anu awiri si yanu, ipatseni wina.

Mwina mukufunsa kuti nanga m'chigafa muja ndinatulukamo? Nyumba ya apongozi inatha, anasamukiramo, magetsi anayaka mbali zonse ziwiri, ine ndikadali pamkeka. Amake Tadala sankandiyankhula kupatula za ana. Chakudya ankatumiza. Dzanja linapola, koma zala zinapindikira m'kati. Kusoka fodya, kumene kale ankasiya nako amayi onse a m'mudzi kumbuyo, kunakanika. Kukhoma batani, kufinya chovala, kumanga mfundo, zonse mpaka wina awathandize. Ine ndinkaona zonsezo ndili patali, ndipo kupepesa ndinapepesa mpaka mawu anatha kukoma. Ankangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba.

Lamlungu lililonse mayi awo ankabwera kudzawamanga duku la kutchalitchi. Lamlungu lina apongozi anali atapita kukaona matenda kumudzi wina. Ine ndikusesa pabwalo, belu loyamba linalira. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, amake Tadala anatuluka atavala kale, duku lili m'dzanja lamanzere, ngodya yake yanyowa ndi malovu, kusonyeza kuti anayesa ndi mano. Maso ali psuu. Anabwera n'kuima patsogolo panga, n'kunditembenuzira msana.

"Mangani. Ndachedwa."

Tsache linagwa lokha. Ndinazunguliza nsaluyo n'kukoka.

"Aaa, bambo inu! Mukumanga mutu wa munthu kapena belo? Masulani."

Ndinamasula, ndinamanganso. Anagwiragwira ndi lamanzere, anapuma mozama, n'kunena kuti, "Basi, lizipita choncho." Anayenda pang'ono n'kucheuka. "Nanga inu mukupemphera ndi tsache? Kasambeni." Pobwera kutchalitchiko anauza Tadala kuti akatenge mkeka wa atate ake m'chigafa, mbewa zingaudye.

Ndi awo akhala apowo, pafupi ndi mtengo, avala duku lobiriwira. Lapendamira kumanzere, ndikudziwa, amayi musanong'onezane. Ndamanga ndine m'mawa uno, ndipo mawa ndimanganso, chifukwa adokotala anatiuza kuti zala zija sizidzatambasukanso. Tikamabalalika pano mupite mukawapatse moni. Akupatsani dzanja lamanzere, musakhumudwe, si mwano.